Nkhani Ziwiri, Malo Amodzi

Khofi anali atazizira kachiwiri, koma a Wendell Friesen ndi mayi Noreen Kowalchuk anali asanagwirizanebe. Pa tebulo la m'khitchini mwa mayi Noreen ku Saskatoon panatsala nkhani ziwiri. M'buku munatsala malo amodzi. Wosindikiza ankafuna mndandanda masana omwewo.

Kwa zaka makumi awiri, awiriwa ankatulutsa buku limodzi chaka chilichonse, la nkhani zachidule za sayansi ndi zamatsenga zolembedwa ndi anthu a mu Canada. Chaka choyamba analandira nkhani khumi ndi zisanu, zonse za amuna a zibwano zolimba opita kumwezi. Chaka chino zinabwera mazana asanu ndi limodzi, abale! Mlenje wa ku Nunavut akutchera misampha pa dziko lina. Mizukwa ya ku Montreal ikukangana m'Chifalansa. Telala wachijamaika ku Toronto akuweta chinjoka m'chipinda chapansi. Ngakhale m'chisanu chotsekereza zitseko, anthu ankalemba ngati alumidwa ndi linthumbu.

Lamulo lawo linali limodzi. Nkhani zinkafikira kwa mayi wina wa ku laibulale. Iye ankachotsa mayina, kuika manambala, n'kumata mayinawo mu envelopu. Envelopuyo sinkatsegulidwa mpaka kusankha kutatha.

Apa ndi pamene a Wendell anapezera mpata. Mwa nkhani ziwiri zotsalazo, nambala 88 inali yawo.

Moyo wawo wonse ankangowongola ziganizo za anthu ena. Dzina lawo linali lisanaonekepo pamwamba pa nkhani. Maso anali atayamba kufooka, ndipo chaka chino chinali chawo chomaliza. Ankafunitsitsa, kamodzi kokha, kutsegula buku n'kudzipezamo. Choncho analemba mobisa nkhani ya loboti yokalamba, makina oganiza ngati munthu, yochotsa chipale chofewa m'misewu, yodandaula za msana, yolakalaka kuona chilimwe. Ngakhale akazi awo sanawauze.

Ndiye mwayi nawonso suchita kuitanidwa. Mayi Noreen anali ataikonda.

"Ine ndi 88 basi," anatero mayiwo akumenya tebulo. "Lobotiyi yandiliza, madala. Vomerani tizidya."

A Wendell anayang'ana nkhani yawo ija. Kungogwedeza mutu, basi zatheka. Anadzisisita msana, n'kuyang'ananso nkhani inayo, nambala 214. Inali ya nkhokwe yaikulu ya tirigu m'kamudzi kamene anthu onse anachokamo. Tsiku lina nkhokweyo inadzizula n'kuyamba kuyenda m'minda, kufunafuna anthu ake. A Wendell anali ataiwerenga kanayi, kusakasaka polakwika. Sanapapeze. Inali yabwino kuposa yawo, ndipo zimenezi zinkawapweteka kwambiri.

"Nanga ya nkhokweyi, achemwali?" anafunsa.

"Iyo? Asa! Wolemba wake sadziwa kumaliza chiganizo. Angotitayitsa nthawi."

"Tamverani kaye ndime iyi."

A Wendell anayamba kuwerenga mokweza, pamene nkhokwe ifika m'tauni n'kumasuzumira pa mawindo. Mayi Noreen sanakhazikike. Anadzuka, kutsegula uvuni wopanda kanthu, kutseka, n'kupita kukawongola chithunzi chakale chimene chinali pakhoma kumbuyo kwa a Wendell. Chithunzicho sichinapendeke n'komwe.

"Zachisoni zokhazokha," anatero mayiwo. "Anthu akufuna kuseka. Tengani loboti."

"Loboti ndi yabwino ndithu," anayankha a Wendell. "Koma wolemba wake akudzimvera chisoni kwambiri."

"Inu mwakalamba, simukuonanso bwino!"

"Mwina. Koma makutu alipo."

Anakangana mpaka koloko inakwana khumi ndi imodzi. Mayi Noreen ananyoza mutu wa nkhani ya nkhokwe, chiyambi chake, ngakhale mapeto. A Wendell anaiteteza mzere ndi mzere. Nthawi iliyonse imene ankaiyamikira, ankamva ngati akudzichotsera okha mpando. Koma anakumbukira chimene anayambira ntchitoyi. Kwinakwake kunali munthu amene anali asanaonepo dzina lake m'buku, ndipo munthuyo analemba bwino kuposa iwo. Kumubera malo akanagona nako tulo?

"Chaka chino ndi changa chomaliza," anatero potsiriza. "Sindinakupempheni kanthu zaka zonsezi. Lero ndikupempha. Tiike 214."

Mayi Noreen anakhala pansi. Anayang'ana padenga, kenako anakankhira envelopu kwa a Wendell.

A Wendell anaika nkhani ya loboti pa mulu wa zokanidwa, n'kuisisita pang'ono ngati akutsanzikana ndi galu wawo. Chodabwitsa, mtima unapepuka. Anang'amba envelopu, kuvala magalasi, n'kutsetsereka ndi chala pa mndandanda kuti aone mwini mwayi.

Pa nambala 214 panalembedwa kuti Noreen Kowalchuk. A Wendell anatembenuka msangamsanga: pa chithunzi chija panali nkhokwe yaikulu ya tirigu, ndi kamtsikana kofanana ndi mayi Noreen kataima patsinde pake.

"Makani anuwo, madala!" anatero mayi Noreen, akuseka uku akupukuta misozi. "M'mawa wonse ndakhala ndikumenyera nkhondo loboti yanu. Mumayesa sindinaizindikire? Imadandaula msana ngati inu ndendende."