Chikole cha Eneless

Eneless anaika tochi pa benchi langa, pakati pa masipoko a njinga, osandiyang'ana kumaso.

Ndinaizindikira pomwepo. Inali tochi yakale ya m'kabokosi ka lole imene Justin amayendetsa kupita ku Fort Jameson, ija yodzaza moto ku batire la galimoto. Mwezi wathawu ndinaipala dzimbiri ndi phulusa, ndinaikamo babu lalikulu la njinga, n'kumanga waya wofiira pomwe inasweka. Justin sindinam'lipiritse. Sungalipiritse mnzako amene wam'tuma ku Tembwe kuti akakufunsire mbeta kwa makolo ake.

Mbetayo inali Eneless yemweyu.

"Yayamba kuzima," anatero iye. "A Justin akuti ndinu nokha muidziwa."

"Manje yafika bwanji m'manja mwanu?"

Anakanda pansi ndi chala chakuphazi. "Ndi chikole changa. Anandipatsa pamaso pa amalume."

"Ananena kuti chachokera kwa ine?"

"Dzina lanu silinamveke kwathu, a Abraham. A Justin atafika anaiyatsa masanasana, anthu onse anadabwa kuti chinthu chakale chonchi chiwala bwanji. Amalume anati munthu wosamala zinthu chotere adzasamalanso mkazi."

Ndinatsegula kumbuyo kwa tochiyo. Kawaya kamodzi kokha ndiko kanali katamasuka, ntchito yosafuna ngakhale kukhala pansi. Ndinakayang'ana kanthawi, ndinatsekanso bwinobwino, n'kuiika m'manja mwake.

"Pitani nayo kwa wosamala zinthuyo," ndinatero. "Akakukonzereni."