Kamera ya Pageti

"Nanga ya abwana ndi chani?" anafunsa katswiri amene ankatchera kamera yowerenga nambala za galimoto pageti la fakitale.

Mlonda wachikulire anaitchula pamtima, monga anachitira ndi zina zonse, katswiri n'kumalowetsa m'kompyuta. Zaka makumi awiri pageti si masewera.

Galimoto ya bwana itafika, geti linatseguka lokha. Mlonda anaomba m'manja.

"Mwatithandiza, madala," anatero bwana atatsitsa galasi. "Yunifolomu mukasiye ku ofesi. Mawa musavutike n'kubwera."

Atavula yunifolomuyo, mlonda uja anakankha njinga yake mpaka pageti. Silinatseguke.

"Njinga ilibe nambala, madala," anatero katswiri akuseka. "Dikirani galimoto yotuluka, muzembere kumbuyo kwake."