Dzanja Limene Amake Kizito Anagwira

Kizito, powerengera anthu buku lake, atafika pa tsamba la imfa ya amake, holo ya parishi ku Natuseko inangoti zii. Bambo ake, a Daka, anangoyang'ana chipewa chimene chinali pamaondo pawo.

M'buku lakelo, lonena za mmene anasiyira kachasu, Kizito analemba kuti anali pambali pa bedi kuchipatala, amake atamugwira dzanja, akunena kuti, "Ndakukhululukira, mwana wanga."

Koma tsikulo Kizito anali ataledzera ku Chowa. Dzanjalo linali la a Daka. Mkazi wawo, maso atachita kale mdima, anawayesa mwanayo, ndipo anapita osawatsanzika iwo.

Anthu akutuluka, mayi wina anagwadira a Daka atafumbata bukulo.

"Atate, mwana wanga anawerenga apa, analira ngati khanda. Kuchokera tsikulo sanamweko. Manje anzake akumuuza ati ni boza. Imwe munaliko. Zinali tero?"

Pafupi ndi khomo, Kizito anasiya kusaina mabuku, cholembera chili m'mwamba.

A Daka anapukuta chikhatho pa thalauza, pang'onopang'ono.

"Mawuwo ananenadi, mayi," anatero. "Ndinali pafupi."

Anavala chipewa n'kutuluka, dzanja lija ataliika m'thumba.