Khadi la Chaka cha Maliro

"Amayi, mutichititsa manyazi," anatero Hidemasa atawapeza kosindikizitsa makhadi. "Bambo amwalira chaka chomwechino. Banja lofedwa silitumiza makhadi a Chaka Chatsopano. Abale ndawalembera kale kuti tikulira."

"Uzilira wekha, ine ndatopa nako," anayankha mayi Sumako. "Zaka makumi anayi bambo ako ankalemba haiku, ndakatulo yaifupi ya pakhadi, ine n'kumajambula chithunzi. Chaka chino ndachita zonse ndekha."

Anaponya patebulo chithunzi cha khomo lawo litakwiririka ndi chipale chofewa. Kenako anawerenga ndakatuloyo mokweza, akupinda zala kuti mizere isapitirire muyeso:

Chipale chagwa
fosholo ili panja
mwathawa ntchito

"Moni wake ameneyu? Azakhali akaona akomoka!" anatero Hidemasa.

"Wakuuza ndani kuti azakhali ako alandira?"

Wosindikiza anatsokomola. "Makhadi angati, mayi?"

"Limodzi. Ndipo musandichedwetse, basi indisiya."

"Limodzi? La ndani?" anafunsa Hidemasa.

"La bambo ako. Ndikalisiya pamanda. Mwambo wakowo umaletsa kulembera amoyo. Iwowo ngati aona kuti ndalakwitsa penapake, adzuke adzandikonze."