Zitini za a Dalaivala

"Abambo, zitini zanuzi zikutisokosa," anatero mayi osoka zovala a nyumba yoyandikana, manja ali mchiuno.

A Dalaivala anangoyang'ana pakhonde pawo. Chimwalirireni akazi awo, ana onse ali kutali, ankangodya zamchitini basi. Nyemba, nsomba, nyembanso. Akamaliza ankatsuka chitinicho, kuchipaka penti, kuchiboola ndi msomali nkuchikoleka pa waya pakhondepo. Potuluka mmawa ankazigunda ndi dazi lawo, ngwe ngwe ngwe. Zikalira ndi mphepo ankayankha ali mkati kuti "Lowani" kkkk zoona. Koma palibe ankalowa.

"Nzokongoletsa izi mayi."

"Zokongoletsa zimalira? Maluwa anga munawamvapo?"

A Dalaivala anazitsitsa zonse nkuziika mukatoni kuseri kwa chitseko. Nyumba inangoti zii. Tsiku limenelo sanadye nkomwe.

Mawa lake dzuwa litakwera anamva go go go. Sanayankhe, ankayesa mphepo. Go go go.

"Abambo, muli moyo?" Anali mayi aja, tepi yoyezera ili mkhosi. "Ndinazolowera kumva mutu wanu ukugunda zitini. Lero zii, ndimayesa mwatisiya."

Analowa, anatsegula mawindo, anawakalipira za fumbi, mpaka anamwa tiyi makapu awiri kkkk. Potuluka anati, "Bwezeranipo zitini zija, ndisamavutike kubwera kudzakuonani."

"Pepani mayi, ndinataya," anatero a Dalaivala, uku akukankha katoni ija ndi phazi kuti isaoneke.