Chala cha Nkhoswe

Masiku ano foni siitumiza mawu pa intaneti popanda chala cha nkhoswe, wachibale wovomera kukayankha mlandu mawuwo akakwiyitsa akuluakulu. Amalume a Esinati anadindapo chaka chatha. Anadzatengedwa, sanabwerenso, ndipo njinga yawo yachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe.

Lero Esinati analemba patsamba lake kuti madzi a pamjigo akutsegulitsa ana m'mimba. Anapeza achimwene ake, a Lufeyo, akusoka thumba pakhonde, n'kuwapatsa foni.

"Achimwene, mukakana sindidandaula."

A Lufeyo anawerenga mwakachetechete. "Mwana wako wadzuka bwanji?"

"Sakuyamwanso."

A Lufeyo anapukuta chala pabuluku, n'kudinda pafoni. Foni inalira kamodzi. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala majekete awiri dzuwa likuswa mtengo, nakhala pansi kuyang'ana kumsewu, kudikira odzawatenga.