Linga loyang'ana ku Mozambiki

Manja a Tongai anali atasupuka kale ndi miyala, koma sanadandaule. A Mutepfa, bambo ake a Nyarai, anali atanena kamodzi kokha: “Khoma lagwa kuphiri kuja ukaliimika, mwanayu ndi wako.”

Kwa mphunzitsi wa mbiri yakale, umenewu unali ulemu. Ku Nyanga kuno malinga a miyala ali mbwee m'mapiri, ndipo Tongai anawerenga za onsewo m'mabuku. Ili lokha, loyang'ana ku Mozambiki, munalibe. Analitulukira yekha!

Nyarai atafika ndi chigubu cha mahewu, anamupeza akuyeza khomo ndi chingwe.

“Ukuona kufupika kwakeku? Mdani azilowa chowerama, chibonga pamutu, pha!”

“Eya, aphunzitsi.”

“Timabowo tam'munsiti n'ta mivi. Munthu ankalasa atagona chafufumimba.”

“Nanga fungoli?”

“N'la zaka mazana atatu limenelo.”

Nyarai anadzitseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedera. Tongai anangoti n'chifuwa, kuphiri kumazizira.

Tsiku lachitatu mwala womaliza unakhala pamalo pake. Tongai anavala jekete n'kuyamba kuyeserera mawu oti alankhule: za makolo, za adani ochokera kutsidya, za kalata imene alembere akuluakulu osunga zakale ku Harare. A Mutepfa anakwera ndi ndodo yawo, anazungulira khoma lonse, kenako analikankha ndi phewa. Silinagwedezeke.

“Mkamwini,” anatero.

Mawu amenewo Tongai anali atawadikira zaka ziwiri. Anakhosomola n'kuwongola jekete.

“Bambo, amene anamanga lingali sanali munthu wamba. Anali katswiri wa nkhondo, wodziwa kumene mdani amadzera. Ndikanakonda ndikanamuona ndi maso angawa.”

“Ndiye tembenukani, ndi awo akubwerawo.”

Mayi ake a Nyarai ankakwera kanjira kopita kulingako, mbuzi zisanu ndi zinayi zili patsogolo. Zinalowa pakakhomo kaja mondondozana, popanda yowerama ngakhale imodzi.

“Mwaligwira, mwana wanga, afisi alira chaka chino,” anatero mayiwo akutseka ndi chipika. “Kholali ndinamanga ndili ndi pakati pa mkazi wanuyu. Ndipo mwachita bwino osatseka timabowo ta mkodzoto.”